Tinakwera Khondowe Kawiri, Ine ndi NyaMhango

Ana anga, Tadala ndi Limbani, mwakhala mukundifunsa funso limodzi zaka zonsezi, nthawi zina moseka, nthawi zina mkwiyo uli pakhosi: bwanji m'nyumba imene munandimangira ku Dedza mukugona anthu a lendi, ine mwiniwake ndikupsa ndi dzuwa kuno ku Chitimba? Pafoni ndimayankha mwachidule poti mayunitsi amakhala anu. Lero ndakhala pansi kuti ndiyankhe bwinobwino, adzukulu anga asadzamve kuti agogo awo anazungulira mutu atapuma pa ntchito. Chimene chinandisunga kuno ndi mwendo ndi dzanja la mayi wina wogulitsa usipa, dzina lake NyaMhango. Ziwalo zimenezi zinafa, ndipo ine ndinalumbira kuti sindichoka mpaka zitadzuka. Koma kuti mumvetse kumene ndinatenga liuma lotere pa thupi la munthu amene si m'bale wanga, ndiyambire kumene ntchito inandiumbira.

Phwezi, zaka zanga zoyamba

Nditamaliza maphunziro a unamwino ananditumiza ku kachipatala kena ka m'midzi ya kufupi ndi Phwezi. Ndinalira ngati ndafedwa. Chitumbuka chimene ndinkadziwa chinali "yewo" basi, kutanthauza zikomo, ndipo ndinkamuyankha yewo aliyense, ngakhale wofunsa kumene kuli chimbudzi. Mkulu wa pamalopo anali Bambo Chavula, munthu wamtali, woonda, mkulu wa mpingo, amene mano ake ndinawaona koyamba patatha chaka. Zipangizo zinali zosowa. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pa chingwe ngati masokosi, ndipo palafini wa mufiliji ya katemera akamatha, Bambo Chavula ankakatenga wa m'nyale ya kunyumba kwawo, akazi awo n'kumadandaula kwa ine ngati ndine ndawatuma.

Tsiku lina ndinkamwetsa phala bambo wina amene ankachira pa matenda aakulu. Ndinkachita mwachifundo chonse cha namwino watsopano, kuuzira supuni iliyonse. Bambo Chavula anafika, n'kundilanda supuniyo, n'kuiika m'dzanja la wodwalayo.

"A Nesi, dzanja ili ndi lake," anatero. "Mukamudyetsa lero, mawa mumudyetsanso, mkuja dzanja laiwala ntchito yake."

Bamboyo anadzithira phala pachifuwa ine ndikuona, ndipo mtima unandiwawa. Kuyambira tsiku limenelo, ine ndi mnzanga wokolopa tinkawatchula Bambo Chavula kuti Farao, mwakabisira. Wodwala uja anatuluka akuyenda yekha, koma dzina la Farao sindinalichotse, poti mwana wamng'ono savomera msanga kuti wagonja. Kumeneko ndi kumenenso ndinakumana ndi bambo anu, mphunzitsi wa ku Ntcheu, mlendo mnzanga, amene anabwera ndi chilonda cha pachala chimene chinakana kupola mpaka titakwatirana.

Rumphi Boma, zaka za m'wodi

Inu mutayamba sukulu anandisamutsira ku Boma. Kumeneko ndinali pansi pa a Matroni ena amene pakamwa pawo ndi panga pankafanana kuthwa, ndiye tinkagundana ngati mbale za m'dengu limodzi. Kunkabwera mwa apo ndi apo katswiri wa mafizo, wophunzitsa anthu akufa ziwalo kuyendanso. Anamwino anzanga ankaithawa ntchito yomuthandiza chifukwa inali yotopetsa, yonyamula anthu olemera. A Matroni anandipatsa ine ngati chilango cha pakamwa panga. Sankadziwa kuti akundipatsa chuma. Ndinaphunzira kutembenuza munthu, kuongola chigongono chouma, kumuimika pa mwendo umene iye mwini akuuopa. Ndinaonanso chinthu chimene chinkandidya mumtima: amene tinkawatulutsa akuyesa kuima ankakagonekedwa kumudzi, n'kudzabwera patapita miyezi ali ndi zilonda za pamsana, ena osabwera n'komwe.

Kenaka bambo anu anagwa m'kalasi choko chili m'manja. Bipi. Ine namwino, ndinkagona nawo nyumba imodzi, koma ankati mutu wawo ndi wa kuchonga mayeso. Za maliro mukuzidziwa, sindibwereza. Zimene simunazione, poti munali kusukulu zogonera komweko, ndi mmene ndinakhalira pambuyo pake. Ndinanenepa, ndinalusa, bipi inandigwira inenso. Kutchalitchi ndinkapita ndi thupi lokha. Nyimbo ikayamba ndinkangoyang'ana m'buku, pakamwa pali tsekee, chifukwa bambo anu ndi amene ankaimba besi pambali panga ndipo popanda iwo nyimbo iliyonse inkamveka yobooka. A Matroni, amenenso ankatsogolera amayi a mumpingo wathu, anandiitana tsiku lina n'kundiuza kuti kuli msonkhano wa mapemphero wa amayi ku Khondowe, pamwamba pa phiri paja pali mishoni, ndipo dzina langa alemba kale. Nditati ndili pa ntchito, anati ntchitoyo amagawa ndi iwo.

Ulendo woyamba wa ku Khondowe

Tinakwera lole. Msewu wachidule wodzera kumtunda unali utaonongeka ndi mvula, ndiye dalaivala anatsikira ku Chiweta n'kutsata msewu wa kunyanja mpaka pa Chitimba, pamene msewu wa makonamakona wopita ku Khondowe umayambira kukwera. Atafika pamenepo anatsika, n'kuyang'ana phiri, n'kuyang'ana matayala ake, n'kutiuza kuti iye ali ndi ana aang'ono. Tinamupempha, tinamuopseza, ena anamupempherera, koma lole sinasunthe. Mwamwayi amayi a mpingo wa ku Chitimba anali akusonkhana pansi pa mtengo wa mango, poti iwo chaka chilichonse amakwera wapansi. A Matroni anati titsagane nawo.

Ine ndinali nditavala nsapato zatsopano, chikwama chili pamkono, mkwiyo uli pamtima. Ndinati ndithane nalo msanga phirili, ndiye ndinawapitirira onse. Amayi a kunyanja ankabwera m'mbuyo pang'onopang'ono, akuimba, ngati alibe kopita. Makona ochepa okha anandikwanira. Ndinapezeka ndakhala pa mwala, mtima ukugunda m'makutu, maso akuchita chidima. Gulu linandipeza, ndipo amene ankatsogolera nyimbo anapatuka n'kuima patsogolo panga. Anali mayi wamfupi, wakuda bii, mtolo uli pamutu, fungo la usipa litamutsogolera.

"Amama, phiri ili silikwereka ndi ukali," anatero m'Chichewa chake chopendekera ku Chitumbuka. "Imbani. Nyimbo ikakudukirani pakhosi ndiye kuti mwathamanga chomene. Chepetsani mwendo mpaka ibwerere."

Ndinamuuza mwaukali kuti ine sindiimba chimwalirire amuna anga. Ndinkayembekeza kuti andipepesa n'kundisiya. Iye anangosuntha mtolo wake pamutu.

"Wanga anapita ndi nyanja, ngakhale mtembo sitinauone. Dzukani, muziimba chapansipansi, palibe akumvereni."

Ameneyu ndiye NyaMhango. Anandivula nsapato n'kundipatsa mapatapata ake, iye n'kuyenda chosavala. Ndinayamba ndi kung'ung'udza, kenaka mawu anatuluka okha. Ndipo zinali zoona: mwendo ukafulumira nyimbo inkaduka, ndikachepetsa inkabwerera. Tinafika pamwamba dzuwa litapendeka, ndipo m'tchalitchi chija ndinalira kulira kumene ndinakutsekera mumtima pa maliro a bambo anu. NyaMhango anakhala pambali panga akungotafuna chinangwa.

M'mawa mwake ndi pamene inenso ndinapeza pomugwirira. Ndinamuona akugwira kunkhongo, kenaka anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, n'kutulutsa mapiritsi, limodzi n'kumeza, ena n'kugawira anzake awiri ngati mtedza. Nditayang'ana, anali a bipi. Anandifotokozera mosatekeseka kuti amamwa mutu ukamawawa basi, ndipo sangamane mnzake amene mutu ukumuwawanso. Unamwino wonse unandikwera kumutu. Ndinamukalipira pamaso pa anthu, ndinamuuza za bambo anu ndi choko chawo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kuuza anzake kuti mayi uyu dzulo analibe mpweya, lero waupeza. Potsika phiri tinali tikuyenda limodzi, iye akunditchula NyaPhiri monga amatchulirana akazi kuno.

Chitimba, zaka zomaliza za ntchito

Chibwenzi cha paulendo nthawi zambiri chimathera pa siteji ya basi. Chathu chinakana. NyaMhango akabwera ndi usipa kumsika wa ku Boma ankagona kwanga, ndipo Tadala ukukumbukira mmene unkadandaulira pa holide kuti makatani akununkha nsomba. Ndinkamuyeza bipi asanamwe tiyi, iye n'kundikakamiza kuyenda naye wapansi mpaka kumsika tikuimba, anthu akutiyang'ana. Patapita nthawi ndinapempha kuti andisamutsire ku kachipatala ka kufupi ndi Chitimba. Anzanga anaseka mpaka misozi, amvekere anthu amapempha kuthawa kotentha, uyu akupempha kukapsa. A Matroni okha ndi amene sanaseke. Anasaina, n'kunena kuti wodi ipumako phokoso.

Kunyanja ndinapeza bipi ndi shuga zili mbwee, makamaka mwa amayi okhala tsiku lonse pa malonda m'mbali mwa msewu. Ndinayamba kuwalangiza kuti aziyenda m'mawa kulimbitsa thupi. Ankavomera mwaulemu, yewo a Nesi, koma palibe anayenda. NyaMhango ndiye anandimasulira. Kuno mayi wamkulu sayenda opanda mtolo pamutu kapena kopita. Akangoyenda chabe m'mamawa, anthu amati wapenga, kapena akuchokera kwa mwamuna wa mwini. Koma wopita ku mapemphero palibe amamufunsa. Ndiye tinagwirizana zoti Lachisanu lililonse m'mawa kuzikhala mapemphero a amayi pa makona oyambirira a msewu wa ku Khondowe. Tinkakwera tikuimba, lamulo lili lomwe lija la nyimbo, n'kupemphera kumtundako, n'kutsika. Pansi pa mango aliyense ankapuma kaye, kenaka n'kundipatsa mkono kuti ndimuyeze ndi makina amene Limbani unanditumizira. Amene bipi yake yakwera ndinkamutumiza kuchipatala, ndipo NyaMhango ankamulondola mpaka atapitadi.

Tinagawana ntchito mosakambirana. Iye anali ndi nyimbo ndi pakamwa pokoma, ine makina ndi pakamwa powawa. Ine ndikakalipa za mchere wambiri m'ndiwo, iye ankabwera pambuyo n'kuwaseketsa mpaka aiwale kuti akalipiridwa, koma mchere n'kuchepetsadi. Tinayamba ochepa oti n'kukwana pa mkeka umodzi. Pofika chaka chachitatu mzere unkatalika moti akutsogolo ndi akumbuyo ankaimba ndime zosiyana. Azibambo anayamba ndi kutiseka ali pa bawo, kenaka mmodzi mmodzi anayamba kutitsatira chapatali, akunamizira kuti akukaona mbuzi. Inenso madiresi anga akale anayamba kundikwana.

Chaka chopuma pa ntchito

Nthawi yanga itakwana, inu munali mutamaliza nyumba ku Dedza. Ndinaiona pa zithunzi, ya malata ofiira, ndipo ndisaname, ndinaikonda. Ndinkalakalaka kazizira ka kwathu, mbatata ya kachewere, ndi kukhala pafupi ndi manda a mayi anga. Katundu ndinamanga m'makatoni, Limbani unapangana ndi wa lole, gulu la Lachisanu linanditsanzika ndi nkhuku ndi zitenje.

Masiku omwewo usipa unasowa kuno, ndipo NyaMhango anautsatira ku madoko a kumpoto ndi amalonda anzake. Anakhalako nthawi yaitali kuposa mmene ankaganizira. Kumeneko khalidwe lakale linamubwerera: mnzake wina anaiwala mapiritsi ake, iye n'kumamugawira, mpaka onse awiri anatsala opanda. Anagwa pambali pa thandala, pamene amayanika usipa. Anamutengera kuchipatala, moyo unapulumuka, koma mbali yonse ya kumanja inafa ndipo mawu anatsekeka. Nditamva ndinakwiya kwambiri ndisanayambe kumva chisoni. Zaka zonse zija ndikulalikira, mlaliki mnzanga yemwe n'kukagawa mapiritsi ngati mtedza.

Atamutulutsa ndinapita kunyumba kwa mwana wake Wongani, msodzi, amene ankamusunga. Ndinapeza zimene ndinkaziopa. Anamugoneka m'chipinda cha mdima, pa matiresi atsopano, atamufunditsa bulangete kunja kukutentha chonchi. Mkazi wa Wongani ankamumwetsa phala, kumupukuta pakamwa, kumutembenuza mutu. Anthu odzazonda anakhala m'mbali mwa khoma, akulankhula monong'ona ngati pasiwa. Musaganize kuti anali anthu oipa. Wongani ndi mwana wabwino kuposa ana ambiri amene ndawaona. Anandiuza, misozi ili m'maso, kuti mayi ake anamulera okha ndi usipa, avutika mokwanira, ndipo iye ali moyo sadzanyamulanso ngakhale kapu ya madzi. Kwa iye chimenecho ndicho chinali ulemu. Ine ndinkadziwa kumene ulemu wotere umathera, poti ndinauona ku Boma: chigongono chiuma, msana uchita zilonda, chifuwa chidzaza, basi. Pakadafunda padajiwitsa galu. NyaMhango sankatha kunena kanthu, koma diso lake linanditsatira mpaka pakhomo.

Ndinabwerera kunyumba n'kukhala pa katoni. Lole inali kubwera sabata yomweyo. Ndinakuimbira iwe Tadala, ndipo mawu ako ndikuwakumbukira bwino.

"Amayi, munthuyo ali ndi ana ake. Inuyo ndinu ndani pamenepo?"

Anandipweteka chifukwa anali oona. Sindinali m'bale, sindinalinso namwino wa boma, ndinali mlendo wa ku Dedza wa makatoni omanga kale. Koma ndinadzifunsa kuti pa mwala paja, iye anali ndani kwa ine pamene anandivula nsapato? Ndinadziwanso kuti ndikakwera lole ija, uthenga wotsatira wochokera ku Chitimba udzakhala wa maliro, ndipo ndidzaumvera m'nyumba ya malata ofiira. Ndinakuuza iwe Limbani kuti ubweze lole. Nyumba ya kuchipatala ndinayenera kutulukamo, ndiye ndinapeza ya lendi ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Munakhala miyezi osandiimbira bwino, ndipo sindikukuimbani mlandu.

M'mawa mwake ndinapita kwa Wongani, n'kumulanda supuni mkazi wake, n'kuiika m'dzanja lamanzere la NyaMhango, lamanja ndikuligwirizira pa mbale. Ndili mkati mochita zimenezi ndinamva mawu a Farao akutuluka m'kamwa mwanga, ndipo ndinawapepesa Bambo Chavula kumanda kumene ali. Phala linatayikira pa bulangete latsopano. Wongani anandiperekeza mpaka kumsewu mwaulemu wonse.

"Yewo chomene, amama, mwatiyendera. Koma kuno kwathu kholo sitilizunza likadwala. Mukafuna kubwera, muzibwera kudzapemphera."

Ndinapita kwa amayi a Lachisanu ndili ndi mkwiyo, ndipo iwo ndi amene anaona khomo pamene ine ndinkaona khoma. Anati mwanayo wanena yekha kuti tizibwera kudzapemphera, ndiye tipita tonse. Lachisanu limenelo sitinakwere phiri. Tinadzaza bwalo la Wongani, ena m'chipinda, mawindo tinatsegula ati kuti akunja amve nawo pemphero. Kenaka anandiuza kuti nditsogolere nyimbo ija NyaMhango ankaikonda pokwera. Aliyense ku Chitimba amadziwa kuti ine ndikatsogolera nyimbo, agalu amachoka pabwalo. Ndinaiyamba pamwamba kwambiri, n'kuikoka molakwika. Ndinaona nkhope ya NyaMhango ikukwinyika. Pofika pa kolasi, kuchokera pa matiresi paja panamveka mawu, okhota, olemera, koma pa malo pake penipeni pa nyimboyo. Munthu amene sankatha kutchula dzina la mwana wake ankaimba mawu onse a kolasi. Ndinali nditamvapo kwa katswiri wa mafizo uja wa ku Boma kuti zimachitika, koma ndinali ndisanazionepo. Wongani anatuluka n'kupita kuseri kwa nyumba. Atabwerako maso ali psuu, anandifunsa kuti ndikufuna achite chiyani.

Ndinati anyamule mayi ake awatulutse panja, pa thandala. Mafizo a kuchipatala amafuna timipira ndi zitsulo, ife tinalibe, koma tinali ndi usipa. Usipa woyanika umafunika kuutembenuza ndi zala kuti uume mbali zonse, ntchito imene dzanja la NyaMhango linaigwira kuyambira ali mtsikana. Tinkamukhazika pa mpando, dzanja labwino ndinkalimangirira m'chitenje, lakufalo ndikuliika pa nsomba. Poyamba linkangokhala ngati la wina. Kenaka linayamba kukankha, nsomba zambiri n'kugwera pansi, moti nkhuku za Wongani zinanenepa chaka chimenecho. Anthu odutsa pamsewu ankaima n'kumanena mokweza kuti nesi wa Chichewa uja akugwiritsa ganyu munthu wolumala. Mawu amenewa ankandilasa, ndipo masiku ena ndinkafika kunyumba n'kulephera kudya.

Tsiku lina atatopa, thukuta lili kamukamu, ndinamuuza kuti atembenuzeko mzere wina umodzi. Anandiyang'ana m'maso.

"Yayi," anatero.

Ndiko kukana kwa Chitumbuka, ndipo anali mawu ake oyamba olankhula chigwereni. Ndinavina pabwalopo, nkhalamba yonse ine, mpaka mkazi wa Wongani anagwetsa beseni ndi kuseka. Kuchokera pamenepo mawu anayamba kubwera limodzilimodzi, ambiri mwa iwo onditukwana. Wongani anazika nsungwi ziwiri kuchokera pakhonde mpaka pa thandala, ndipo NyaMhango ankayenda pakati pake atagwirira, amayi a Lachisanu akumuimbira mosinthana. Gulu lija silinafe. Linkakwera makona ake m'mawa, potsika n'kudzera kwa Wongani.

Sizinayende mowongoka. M'dzinja anaterereka pa matope n'kugwa, ndipo mantha anamulowa. Anakana kudzuka kwa masabata, ndikabwera ankatembenukira kukhoma. Inali nthawi yomwe iwe Tadala unabereka mwana wako wachiwiri, ine osapita kukakuthandiza chikuta, ndipo ndinadzifunsa ngati sindinataye ana anga chifukwa cha mwendo umene mwiniwake wautaya. Tsiku lina ndinamuuza mosabisa kuti ngati wasankha matiresi andiuze, ndikakwere basi ya ku Dedza. Anatembenuka n'kundiyang'ana. Kenaka, akulimbana ndi liwu lililonse, anandifunsa kuti msonkhano wa ku Khondowe uliko liti. Ndinati wa chaka chino sangaukwanitse. Anati sanafunse wa chaka chino.

Ulendo wachiwiri

Tinaukonzekera kupitirira chaka. Tinkaonjezera kona imodzi, tikaizolowera n'kuonjezera ina. Tsiku litafika Wongani anabwereka galimoto yoti izititsatira m'mbuyo, ndipo tinapangana ndi banja lina la mumpingo lokhala chapakati pa phiri kuti tikagone kumeneko, poti ine ndine wa liuma koma si wopusa. NyaMhango anagwira ndodo kumanzere, ine ndinaima mbali yofookayo. Amayi ndi azibambo a Lachisanu anakana kutsogola. Anati nyimbo atsogolera ndi mwiniwake, ndipo ikamudukira pakhosi gulu lonse liima. Linkaimadi, anthu onse aja chilili pamsewu, kudikira mpweya wa munthu mmodzi. Nyimbo ikabwerera tinkanyamuka.

Titafika pa mwala uja anaima, n'kuuloza ndi ndodo, n'kuuza anthu kuti apa ndi pamene anatola nesi wonenepa wa nsapato zatsopano. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Wongani anabwera kangapo kudzamunyengerera kuti akwere galimoto ngakhale kona imodzi yokha, ndipo yankho linali liwu lake loyamba lija. Galimoto inakwera phiri lonse itanyamula mitolo ndi zigubu za madzi.

Tinafika tsiku lachiwiri masana, msonkhano utayamba kale. Mbiri inali itatitsogolera. Titayandikira tchalitchi, nyimbo ya m'katimo inasiya, zitseko zinatseguka, amayi anatuluka n'kuyala zitenje zawo pansi kuti adutsepo. Pakati pawo panali a Matroni, atakalamba, nawonso ali ndi ndodo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti chilango chija chinagwira ntchito. NyaMhango anayenda pa zitenjezo mwendo ukukokeka pang'ono, nyimbo ili pakamwa, ndipo sinaduke mpaka anakhala pa benchi. Ine ndinasangalala tsiku limenelo kuposa tsiku la ukwati wanga, bambo anu andikhululukire. Atapuma anamasula mfundo ya chitenje, n'kundionetsa piritsi, n'kumeza, n'kumanganso mfundoyo kawiri akundiyang'ana.

Chitimba, masiku ano

Gulu la Lachisanu likuyendabe, ndipo midzi ina ya m'mbali mwa msewu inayambitsa awo. Pansi pa mango paja pali chisakasa chimene asodzi anatimangira, muli mabenchi ndi nsungwi zoyendera. Ine ndimayeza ndi kuphunzitsa mafizo, NyaMhango amatsogolera nyimbo, ndipo akuchipatala akatulutsa munthu wa sitiroko amauza abale ake kuti akatipeze. Masiku ena timayenda m'makomo, poti amene amatifuna kwambiri ndi amene agonekedwa m'zipinda za mdima ndi ana owakonda.

Sabata yatha tinapita kwa msodzi wina amene anagwa mwezi wathawu. Tinapeza mawindo otseka, bulangete latsopano, mkazi wake atagwada akumumwetsa phala. Ndinakonza pakhosi kuti ndiyambe ulaliki wanga, koma NyaMhango anandigwira mkono kuti ndikhale chete. Anatsamira ndodo yake kukhoma, n'kuwerama, n'kumulanda mayiyo supuni mofatsa. Ndinayang'anitsitsa kuti watengera dzanja liti. Linali lamanja, lomwe lija linkagwetsera nkhuku usipa. Anaiika supuniyo m'dzanja la bamboyo n'kumupinditsa zala.

"Adada, ine ndinagona pomwe mwagonapo," anatero. "Idyani nokha. Lachisanu tikubwera kudzapemphera."

Ndiye nyumba ya ku Dedza musaigulitse, ana anga, ndidzaigonamo Mulungu akalola, ndipo ndikuthokozani chifukwa cha njerwa iliyonse. Koma bambo uja sanayambe kuima, ndipo nsungwi zake Wongani akazika mawa. Mukafuna kundiona bwerani Lachinayi, mugone, ndipo mubwere ndi nsapato zakale.